D Wabwerera Pamalo Pake

Aliyense amene ali ndi pepala loti lilembedwe pa Mulanje Mission amaidziwa shopu yanga. Ndimataipa makalata, ndimapulinta, ndimachita fotokope, ndimajambula zithunzi za paziphaso, ndimakonza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, ndiponso ndimaika nyimbo m'ma memory card. Kuno ntchito ya mapepala siitha. Pali chipatala, pali koleji ya anamwino ndi azamba, pali masukulu, pali mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Blantyre ndi magulu ake, amayi a Mvano, makwaya, achinyamata. Muwonjezerepo anthu a m'midzi yozungulira ndi ogwira ntchito m'minda ya tiyi, omwe chiyambire kalembera wa unzika wa mu 2017 amafunsidwa fotokope ya chiphaso pena paliponse. Khamu lonseli limadalira kompyuta imodzi, ija ya chibokosi chachikulu chokhala pansi pa tebulo, ndipo lero ndikufuna ndiitamande pagulu, chifukwa yasanduka chinthu china.

Kale zinali zomvetsa chisoni. M'mawa ndikatsegula chitseko ndinkayamba ndi kudina batani loyatsira, kenako n'kutenga tsache. Ndisese m'kati, ndisese pakhonde, nditulutse benchi ndi chikwangwani, ndipatsane moni ndi anyamata a kabaza, pobwerera n'kuipeza ikadayesayesa kudzuka. Ikadzuka, ndiye kuyamba kuinyengerera. Udine Word, kabwalo kabuluu kayambe kuzungulira pa sikirini. Udine foda ya zithunzi, kazungulirenso. Wophunzira unamwino amene ntchito yake ikufunika m'kalasi 8 koloko ankaima pakauntala, diso pa foni, diso pa ine, diso pa kabwalo kaja, mpaka kunena mwaulemu kuti, "Bambo, ndibweranso," ine ndikudziwa bwino lomwe kuti akukakwera njinga ya ku Chitakale kukapulinta kumeneko. Kasitomala akamachoka ndi fulashi yake m'manja, iwe pulinta uli nayo, inki ilimo, mapepala ali mbwee, zimapweteka kuposa ndalama yatayikayo. Magetsi akathima pakati pa ntchito ndiye kunali kulira kwenikweni, chifukwa akabwera mwambo wonse wa m'mawa uja unkayambiranso poyamba, anthu ali ndii pabenchi.

Kenako m'chibokosimo munayamba kumveka kaphokoso: kho, kho, kho, zii, kho, kho. Nyengo ya chiperoni itafika, phiri litabisala m'nkhungu ndipo mapepala akuchita chinyezi mpaka kumatirirana m'pulinta, tsiku lina poyatsa panatuluka mawu oyera pa sikirini yakuda, ochenjeza kuti hard disk yatsala pang'ono kufa, ndisungire zinthu zanga pena ndi kuisintha.

Mwayi wake, m'chibokosimo munali ma hard disk awiri. Yoyamba, imene kompyuta inkaitcha C, inali ndi Windows ndi mapulogalamu ogwirira ntchito, ndipo ndiyo inkadwala. Yachiwiri, D, ya 1 TB, inali yamphamvu, ndipo ndimo munali moyo wa shopu: foda ya MALIRO, ya UKWATI, ya MAKWAYA, ya ZITHUNZI, ya NGONGOLE, ntchito ya zaka ndi zaka. Pa sikirini ndinali ndi tizithunzi tolowera, ma shortcut, toti ndikangodina ndafika mu foda imene ndikufuna. Panalinso disiki ina ya panja yolumikiza ndi chingwe cha USB, imene inkabwera ndi chilembo E. Lachisanu lililonse ndinkailumikiza n'kudina kafayilo kamene mwana wa achemwali anga anandilembera, ndipo kankakopera zonse za mu D kupita mu E.

Mwana wa achemwali angayu amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre. Nditamuimbira n'kumuwerengera mawu a pa sikirini aja, anati ndisamaiyatseyatse, ndidikire Loweruka. Anabweradi pa minibasi ya msewu wa Midima, m'chikwama chake muli kanthu kopyapyala, kopepuka kuposa foni, kotchedwa SSD, ka 256 GB. Atatsegula chibokosi tinapezamo fumbi lofiira la zaka, ulusi wa akangaude pa fani, ndi timazira toyera ta nalimata pakona. Anamasula disiki yodwalayo n'kundigwiritsa, yolemera ndithu, nandifotokozera kuti m'kati mwake muli timbale tozungulira ka 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kadzanja kothamangathamanga pamwamba pake kufunafuna pamene fayilo inalembedwa. Kho kho uja anali kadzanjako kakulephera kupeza malo ake. Mu SSD mulibe chozungulira chilichonse. Imasunga zinthu m'timachipi ta mtundu umodzi ndi ta mu fulashi ndi memory card, kungoti ito n'tachangu kwambiri.

Asanapite patali anazula chingwe cha disiki ya D. "Amalume, iyi ndiye shopu yanu," anatero. "Poika Windows pamabwera mndandanda wa ma disiki, ndiye dzanja likangoterereka n'kusankha yolakwika, zonse zimafufutika. Ikhale kaye pambali mpaka timalize." Nzeru imeneyi ndimaiyamikira mpaka lero, ndipo aliyense wosintha disiki ndingamulangize zomwezo. M'malo mwa Windows 7 yanga, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, anaika Windows 10 pa SSD ija. Anabwezera mapulogalamu, pulinta ndi sikana, kenako analumikiza disiki yodwala ija pa USB n'kupulumutsa zonse zimene zinali pa sikirini yakale. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi anabwezera chingwe cha disiki ya ntchito, anatsimikiza kuti mafayilo akutseguka, tinadya nsima ya nandolo, iye n'kuthamangira minibasi.

Abale, kuthamanga kwake! Madzulo amenewo ndinadina batani, ndisanakhazikike n'komwe pampando, sikirini yafika kale. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, kungofuna kuonanso ndi maso. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzachitire umboni. Ataona Word ikutseguka chala chisanachoke pa mausi anagwira pakamwa, nati, "Abambo, mwagula ina kodi simukundiuza?" Usiku umenewo ndinagona ndikumwetulira.

Lolemba m'mawa pakhonde panali anthu kale. Mayi wina wa Mvano ankafuna pulogalamu ya msonkhano imene tinaisiya theka sabata yapitayo. Mnyamata wina, maso ofiira, anagwirizira chithunzi cha agogo ake ndi mbiri yawo yolembedwa pa pepala la m'kope, mwambo wa maliro uli masana omwewo. Banja lina linabwera kudzatenga makadi a ukwati. Ndinakhala pampando mokondwa, mumtima ndikuti lero aona zodabwitsa. Ndinadina kachithunzi ka MALIRO. Panatuluka uthenga woti disiki imene kachithunzika kakuloza sikupezeka. Ndinadina ka UKWATI, uthenga womwewo. Ndinalowa mu This PC, D ndinamuona ali apo, ndinamudina kawiri. Pansi pa tebulo panamveka fyuu, kathireyi ka DVD katuluka mpaka kundikhudza bondo, pa sikirini palembedwa kuti ndiikemo chimbale.

Thukuta linandituluka kunja kukuzizira. Zaka zonse zija, zithunzi za ana amene pano ndi anamwino, mapulogalamu a maliro a anthu amene ndinkawadziwa, ngongole zonse za makasitomala, m'malo mwake kathireyi kopanda kanthu. Mayi a Mvano aja ataona nkhope yanga anafunsa chapansipansi, "Bambo, kwagwanji?" Safunsa anadya phula. Ndinatenga foni n'kuimbira mwana wa achemwali anga pa WhatsApp, ya vidiyo.

"Amalume, musadine china chilichonse. Mukaona pena palembedwa Format, manja kumbuyo. Tembenuzani foni ndione sikirini." Ndinatembenuza, dzanja likunjenjemera. "Tsikani m'munsi pang'ono. Apo, Local Disk yokhala ndi chilembo I. Tsegulani imeneyo."

MALIRO, UKWATI, MAKWAYA, ZITHUNZI, NGONGOLE. Zonse zili ndondondo, palibe chosowa. Ndinapuma mpweya waukulu mpaka mnyamata wa maliro uja anamwetulira pang'ono. Ndinayamba ndi iye, kutsegula pulogalamu yakale kuchokera mu I, kusintha dzina, chithunzi ndi mbiri, ndipo anatuluka ndi mapepala ake dzuwa lisanakwere.

Koma chimwemwecho chinali cha theka. Mafayilo analipo, inde, koma anasiya kudziwana. Khadi la ukwati mu Word limatenga mayina a oitanidwa pa mndandanda wa mu Excel, khadi lililonse dzina lake, ndipo linkaumirira kufunafuna mndandandawo mu D. Buku langa la ngongole limatenga ziwerengero m'mafayilo a mwezi ndi mwezi, nalonso linkadandaula kuti silikuwapeza. Choipitsitsa chinali nyimbo. Kwaya iliyonse, mnyamata aliyense wa kabaza wokonda zakezake, gogo aliyense wa kawailesi kolowetsa memory card, ndinamukonzera mndandanda wake, ndipo mndandanda wotere susunga nyimbo ayi, umangosunga njira yokafikira pa nyimboyo, njira yoyamba ndi D. Yonse inafa tsiku limodzi. Nditawerengera m'mutu ntchito yolumikizanso chimodzichimodzi, ndinaona masabata akupita. Banja la makadi ndinalipempha libwere masana.

Nthawi ya nkhomaliro mwana wa achemwali anga uja anaimbanso, ali phee, akutafuna chinachake. Ndinamufunsa chimene chinkandizunguza mutu: disiki ndi yomweyi, chingwe ndi chomwechi, nanga D wapita kuti?

"Amalume, mukukumbukira bokosi la ku positi ofesi? Munthu akhoza kukhala m'nyumba yomweyo, osasuntha, koma nambala ya bokosi lake akaipereka kwa wina, makalata onse olembedwa nambala yakaleyo azikagwera kwa winayo. Mafayilo anu onse akulembera ku bokosi D, pomwe D panopa ndi wa DVD."

Anandifotokozera kuti chilembo sichilembedwa pa disiki. Windows ndiyo imasunga kaundula wake, malo otchedwa MountedDevices mu registry, momwe imalemba kuti disiki ya nambala yakutiyakuti ndi C, ya nambala yakutiyakuti ndi D. Kaundula wakale anapita limodzi ndi Windows yakale. Yatsopanoyi inayamba wakewake, n'kumagawa zilembo kwa zimene inazipeza. SSD inatenga C. Poti nthawi imeneyo disiki ya ntchito inali yozula, D anapita kwa DVD. Palibe chinawonongeka, kompyuta inangotsata lamulo lake. Apo ndinakumbukira kuti Loweruka, disiki yodwala ija italumikizidwa pa USB, sinabwere ngati C ngakhale inakhala C moyo wake wonse. Inabwera ndi chilembo china cha kutsogolo, ndipo ine sindinachilabadire poti maso anali pa kuthamanga kwa SSD.

"Ndiye titani?"

"Timubweza D. Mubweza inuyo, ine ndingoyang'ana."

Anandiuza nditseke kaye chilichonse chimene ndinatsegula kuchokera mu I. Kenako ndiike mausi pa batani la Start, ndidine la kumanja, ndisankhe Disk Management. Panatuluka zenera limene ndinali ndisanaliwonepo chiyambire kugwira kompyuta: m'munsi mwake mizere yopingasa, Disk 0, Disk 1, ena otsatira, pomalizira CD-ROM 0. Disk 0 inali SSD, ndi C wake pakati, m'mbali muli tizigawo ting'onoting'ono topanda chilembo. "Timeneto musatikhudze, amalume, ndi timene timadzutsa kompyuta, ndipo sitifuna chilembo. C nayenso musamuyandikire." Disk 1 inali yanga ija, chigawo chimodzi chachitali, I.

Chilembo sichikhala ndi eni awiri, choncho poyamba pankafunika kumulanda DVD. Ndinadina la kumanja pa CD-ROM 0, n'kusankha Change Drive Letter and Paths, kenako Change. Panatsika mndandanda wa zilembo zopanda eni. "Mupatseni cha kutali, X, asadzasokonezenso." Ndinasankha X. Kompyuta inachenjeza kuti mapulogalamu ena odalira chilembo akhoza kusiya kugwira bwino ntchito, n'kufunsa ngati ndikufunadi kupitiriza. Ndinavomera. Kenako ndinapita pa chigawo chachitali cha Disk 1, njira yomweyo, Change, ndipo pamwamba pa mndandanda panali D, ali yekha, akudikira. Chenjezo lija linabweranso. Apa ndinazengereza, chifukwa tsopano ndinali pa shopu yeniyeniyo.

"Vomerezani, amalume. Ife tikubwezera chilembo chimene mapulogalamuwo akuchilirira."

Ndinadina Yes. I anazimiririka, pamalo pake panalembedwa D.

Ndinapita pa sikirini, kachithunzi ka MALIRO, dinu! Foda yatseguka. Ka UKWATI, dinu! Yatseguka. Ndinatsegula khadi la banja lija, mayina a oitanidwa anayamba kulowa okha, khadi ndi khadi, mofulumira moti diso silikanatha kuwawerenga. Buku la ngongole linatseguka popanda dandaulo. Ndinadina mndandanda wa nyimbo za kwaya ina, sipika ili pamwamba osadziwa, shopu yonse inangoti wuu ndi mawu a kwaya mpaka anyamata a kabaza anasuzumira pawindo. Ndinaimirira n'kuvina pomwepo, foni ili m'manja, mwanayu akuseka chikhakhali ku Blantyre. Mayi a Mvano aja anali atangobwerera kumene kudzatenga pulogalamu yawo. Sanafunse n'komwe kuti chachitika n'chiyani, anangoimba nthungululu pakhomo. Ntchito imene ndinkaiwerengera masabata inatha madzi a tiyi asanawire.

Lachisanu ndinalumikiza disiki ya panja ija kuti ndikopere monga mwa masiku onse, ndipo inabwera ndi chilembo I. Ulendo uno mtima sunagunde. Ndinatsegula Disk Management ndekha, kudina la kumanja, Change, kufuna kuibwezera E. Pa mndandanda E panalibe. F panalibe, G ndi H chimodzimodzi. Ndinabwerera mu This PC kukaona amene watenga zilembozi, kulibe aliyense: C, D, I, X basi. Zilembo zinayi zasowa popanda mwini wooneka. Ndinabwereranso mu Disk Management n'kutsika pang'onopang'ono m'mizere ija imene Lolemba ndinangoidumpha, ndipo ndinawapeza akubisalawo: mizere inayi yolembedwa Removable, uliwonse ndi chilembo chake, E, F, G, H, pansi pake No Media. Ndinawerama n'kuyang'ana kutsogolo kwa chibokosi. Timabowo tinayi tolowetsamo ma memory card a mitundu yosiyanasiyana! Kabowo kalikonse kompyuta imakawerenga ngati disiki payokha, ndipo kamagwira chilembo ngakhale mulibe kanthu, pomwe This PC imabisa ma disiki opanda kanthu otere. N'chifukwa chake disiki ya ntchito pobwera Lamulungu lija inadumpha zilembo zonsezo n'kukagwera pa I. Chimenechi ndinachitulukira ndekha, ndipo ndinaimbira foni mwana wa achemwali anga kuti ndidzitame, osati kuti ndifunse.

Anandiyamikira, kenako anati ndiganize kaye ndisanabweze E. Disiki ya panja imakhala m'kabati sabata yonse. Ikakhala kuti siili pa kompyuta, chilembo chake chimakhala chopanda mwini, ndipo fulashi iliyonse yolowa imalandira chilembo choyambirira chopanda mwini. Ndiye tsiku lina Lachisanu fulashi ya kasitomala ikadzaiwalika pa kompyuta ili E, kafayilo kokopera kaja kadzayamba kutsanulira zinthu za shopu, zithunzi za anthu ndi ngongole zawo, mu fulashi ya munthu wongodutsa. Zaka zonsezi chiopsezo chimenechi chinalipo. Tinagwirizana zoipatsa W, kutali kumene fulashi singafike, ndipo anandilozera mmene ndingatsegulire kafayilo kaja mu Notepad n'kusintha E kukhala W. Timabowo tija tinatisamutsanso: kamene ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndinakapatsa M, tinato P, Q ndi R. Tsopano fulashi ya kasitomala imabwera ngati E nthawi zonse, yachiwiri F, ndipo sindisakasakanso.

Anandiphunzitsanso china chimene ndimachikonda kwambiri. Chilembo chimakhala m'kaundula wa Windows, koma dzina la disiki limalembedwa pa disiki yeniyeniyo, limapita nayo kulikonse. Lolemba lija ndinasokonezeka chifukwa disiki yanga inalibe dzina, inangoti Local Disk. Pano imatchedwa NTCHITO, ya panja KUSUNGA. Kaya Windows idzaikidwenso, kaya ndidzazilumikize pa kompyuta ya wina n'kulandira zilembo zachilendo, ndidzazizindikira pa dzina.

Funso limodzi linatsala, ndipo ndinalifunsa tsiku lomwelo: bwanji kompyuta imayambira pa C, A ndi B ali kuti? Yankho lake linandikumbutsa masiku amene ndinkaphunzira kutaipa, tikuyenda ndi ma floppy disk m'thumba la malaya, aja a 1.44 MB omwe lero sangakwane ngakhale chithunzi chimodzi chabwino cha pa foni. A ndi B anali a ma floppy. Mwambo wa zilembowu unalipo kale mu CP/M, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Gary Kildall analemba m'zaka za m'ma 1970, ndipo MS-DOS inautengera. Kompyuta ya IBM PC imene inatuluka mu 1981 inalibe hard disk, inkadalira ma floppy, malo olowetsa awiri, A ndi B. Mu 1983 IBM PC XT inabwera ndi hard disk ya 10 MB m'kati, ndipo chilembo chotsatira chinali C. Ma floppy anatha kalekale, koma C sanasunthe, chifukwa mapulogalamu osawerengeka padziko lonse analembedwa akudziwa kuti Windows imakhala pa C. Vuto langa la D, la shopu imodzi ya pa Mishoni, ndi lomwelo limene lachititsa kuti dziko lonse lisayerekeze kumusuntha C zaka zoposa 40. Foni ya Android ilibe zilembo zotere, makompyuta a Linux alibenso, ndi mwambo wa banja la Windows.

Bwerani mudzaone shopu yanga lero. Tsache limadikira, chifukwa ndikangoyatsa kompyuta kasitomala woyamba amakhala wayamba kale kuthandizidwa. Ophunzira unamwino anauzana, ndipo m'mawa pabenchi pamakhala mayunifolomu okhaokha. Amalowetsa fulashi, E, kutsegula, kupulinta, kulipira, kuthamangira m'kalasi. Uja ankati "ndibweranso" anabweradi, ndipo tsopano amabwera ndi anzake. Magetsi akathima n'kubwera, anthu asanamalize kunena kuti abwera, ine ndayambiranso pamene ndinalekera. Zithunzi za paziphaso nyengo ya kulembetsa mayeso a MANEB, zimene kale zinkandisunga mpaka mdima, pano ndimamaliza kalasi yonse dzuwa lili pamutu. M'chibokosi mulibenso kho kho, mumangomveka fani. Chimene chimandisangalatsa koposa ndi anamfedwa. Munthu wobwera ndi chithunzi cha wokondedwa wake sayenera kukhala pabenchi maola akuyang'ana kabwalo kozungulira, ndipo pa shopu yanga zimenezo zinatha.

Kompyuta ndi yomweyo, chibokosi chomwecho chozimiririka utoto, kiyibodi yomweyo imene zilembo zina zinafufutika ndi zala. Anthu amati ndagula yatsopano, ine ndimawerama n'kuwalozera pansi pa tebulo, kenako n'kuwauza nkhani yonse, kaya afuna kaya safuna.

Nkhaniyo inafika m'makutu mwa aphunzitsi ena a kuno. Anabwera madzulo ena ndi laputopu m'chikwama ndi disiki ya panja m'manja, nkhope ili yakugwa. Laputopu yawo inali itangoikidwa disiki ina ndi Windows yatsopano, koma disiki ya panjayo, momwe munali mayeso, magiredi a ana ndi zithunzi za ukwati wawo, ikalumikizidwa inkangoyaka nyali n'kulira kabelu, osaoneka mu This PC. Wina anawauza kuti yafa, wina anati aifomate iyambirenso.

"Aphunzitsi, musafomate chilichonse. Khalani apa."

Ndinadina la kumanja pa Start, Disk Management, n'kuwalozera ndi chala. Disk 1, chigawo chachitali, palembedwa Healthy, koma chopanda chilembo chilichonse. Disiki yopanda chilembo This PC siionetsa, ngakhale ikhale yodzaza bwanji. Change Drive Letter and Paths, ulendo uno Add, ndipo ndinawasiyira mausi kuti asankhe okha. Anasankha T. Zenera linatseguka lokha, mafoda awo onse ali mmenemo, Sitandade 6, Sitandade 7, UKWATI WATHU. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso, kenako anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Achimwene, ndikupatseni zingati?"

Ndinati angoipatsa dzina disikiyo tisanatseke, ndipo tinailemba SUKULU. M'mawa mwake ndinapeza zinanazi ziwiri zazikulu pakauntala, pambali pake pali aphunzitsi enanso awiri ndi malaputopu awo, wina akudandaula kuti yake imatenga nthawi ya chaka kuti idzuke. Ndaimbira kale mwana wa achemwali anga kuti akamabwera kumapeto kwa mwezi atenge ma SSD awiri, ndipo andionetse mmene amatsegulira laputopu, chifukwa yachiwiriyo ndikufuna ndidzaiike ndekha.